Kutcheza mafuta a oud: kuwiritsa, nthunzi, hexane kapena CO2, yabwino ndi iti?

Chaka chatha ndinagula kabotolo ka perefyumu mtauni, kolembedwa Oud ndi zilembo zagolide, mtengo wake ngati wa nkhuku imodzi ya lokolo, ndipo mkulu wogulitsayo analumbira mpaka kuloza kumwamba kuti ndi orijino wochokera ku Dubai. Zoti kanachokera ku Dubai sindikutsutsa. Koma nditayamba kukumba kuti kodi mafuta a oud enieniwo amawapanga bwanji ndinangoseka ndekha, chifukwa ntchito imene imalowa pa kasupuni kamodzi ka mafutawo siyingagulidwe ndi nkhuku, olo mbuzi. Nde apa ndikufuna tiyike pa sikelo njira zimene anzathu a ku Asia amatulutsira mafuta mu agarwood, iliyonse ubwino wake ndi pamene imapunduka, poti ambirife timangodziwa fungo koma za mu mphika sitizidziwa.

Tiyambe ndi mtengo weniweniwo. Agarwood ndi mtima wa mtengo umene wadwala. Mitengo yake ndi ya mtundu wa Aquilaria ndi m'bale wake Gyrinops, imamera kuyambira kumpoto chakummawa kwa India ndi Bangladesh, kudutsa Thailand, Laos, Cambodia, Vietnam, kumwera kwa China, Malaysia, Indonesia mpaka ku New Guinea. Ukaudula uli wabwinobwino thabwa lake ndi loyera, lopepuka, lopanda fungo loti nkutchula. Koma ukavulala, kaya ndi mphenzi kaya tizilombo toboola kaya chikwanje cha munthu, fangasi nkulowa pabalapo, mtengo umadziteteza potulutsa utomoni wakuda umene umalowerera mu thabwa, ndipo pakapita zaka malo amenewo amada, kulemera ndi kununkhira. Chimenecho ndi chimene Aluya amati oud, a ku Malaysia ndi Indonesia amati gaharu, ku Assam, dera la ku India, ndi ku Bangladesh amati agar. Ku China amati chenxiang, ku Japan jinko, mayina awiriwa akunena za zofukiza zomira, chifukwa chidutswa chodzadza utomoni ukachiponya m'madzi chimapita pansi ngati mwala.

Chimene chinandidabwitsa nchakuti thabwa lapamwamba lomira lija kawirikawiri salitcheza nkomwe. Limagulitsidwa tizidutswa kuti anthu azifukiza pa makala, poti ndalama zambiri zili pamenepo. Zimene zimapita mu mphika ndi zotsalira, tizibenthu timene timagwa amisiri akamasema kulekanitsa chakuda ndi choyera, utuchi, ndi mitengo ya m'minda imene utomoni wake ndi wochepa. Nde chilichonse ndinene pansipa muzikumbukira kuti thabwa likakhala lopanda kanthu, makina olo akhale odula bwanji atulutsa madzi basi.

Mitengo ya m'tchire inadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutha. Aquilaria malaccensis inalowa pa mndandanda wa Appendix II wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi yotha, mu 1995, ndipo kuyambira 2005 mitundu yonse ya Aquilaria ndi Gyrinops inalowanso, kutanthauza kuti kudutsitsa thabwa kapena mafuta a malonda pa boda kumafuna peremiti. Nchifukwa chake lero ambiri amadzala okha nkumavulaza mitengoyo dala. Ku Barlekha m'dera la Sylhet ku Bangladesh amakhomera misomali yambirimbiri pa thunthu nkuisiya kwa zaka, kwina amaboola ndi dirilo nkuthiramo fangasi kapena mankhwala, ku China ali ndi njira yotchedwa Agar-Wit yolowetsa mankhwala ngati diripi ya kuchipatala kuti ayende ndi madzi a mu mtengo.

Kanthu kamodzi ka sayansi kofunika tisanalowe mu njira zake, pirirani. Mu utomoniwo muli mabanja awiri akuluakulu a zinthu zonunkhira. Loyamba ndi ma sesquiterpene, monga agarospirol, jinkoh-eremol ndi ma agarofuran, amenewa ndi olemera, paokha amawira pa kutentha kopitirira madigiri 200, koma amalola kunyamulidwa ndi nthunzi ya madzi pang'onopang'ono. Lachiwiri ndi ma chromone, amene ndi olemera kwambiri moti nthunzi siwanyamula kwenikweni, amatsalira mu thabwa, ndipo ndi amene amathandiza kupereka kafungo kotsekemera kaja thabwa likamapsa pa makala. Mkangano wonse wa njira wagona apa. Njira za madzi ndi nthunzi zimatenga banja loyamba nkusiya lachiwiri, njira za mankhwala osungunula ndi mpweya wa carbon dioxide (CO2) zimatha kukoka onse awiri. Nde zimene zimatuluka sizofanana olo pa botolo onse alembe oud.

Kuwiritsa m'madzi, ya makolo

Iyi amati hydrodistillation ndipo ndi imene yakhala ikuchitika kuyambira kale, makamaka ku Assam. Tauni ya Hojai kumeneko ndi yodziwika nayo kwambiri, ndi kwawo kwa banja la Ajmal limene kampani yawo ya perefyumu inayamba mu 1951 ndipo pano likulu lake lili ku Dubai. Amene munakulira kumudzi nkuonako kutcheza kachasu muyimvetsa msanga, ndi chimodzimodzi, mphika wotseka bwino pamoto, paipi yotulutsa nthunzi, paipiyo kudutsa m'madzi ozizira kuti nthunzi ibwerere kukhala madzi, ndi chotolera kumapeto. Kusiyana kwake nkwakuti wa kachasu amafuna madzi otulukawo pamene wa oud amafuna timadontho ta mafuta timene timayandama pamwamba pa madziwo.

Amayamba ndi kuwaza thabwa, kuliyanika nkuligaya kukhala tizibenthu kapena utuchi. Kenako kuviika, ndipo apa ndi pamene ine ndimati pali luso lenileni. Utuchi umaviikidwa m'migolo ya madzi, ena masiku ochepa, ena masabata, ena kupitirira mwezi. Cholinga choyamba nkufewetsa thabwa kuti mafuta atuluke mosavuta. Koma chinthu chikakhala m'madzi nthawi yaitali chimayamba kusasa, anzathu a kondowole akudziwa fungo la chinangwa choviika, ndipo kusasako kumalowa mu mafuta. Ndi komwe kumachokera mbali yaikulu ya fungo limene anthu a perefyumu amalifanizira ndi khola la ng'ombe kapena chikopa chonyowa, lodziwika ndi oud wa ku India amene amamutcha Hindi. Munthu woyamba kununkhiza amatha kubweza nkhope kuti aaa ichi chawola, koma makasitomala ambiri a ku mayiko a Aluya a ku Gulf anakulira fungo limenelo, kwa iwo ndiye oud wake, ndipo likakhala pakhungu kwa maola limafewa nkutsala lokoma ngati thabwa ndi uchi. Ukaviika masiku ochepa uku ukusintha madzi mafuta amatuluka oyera fungo, a zipatsozipatso, monga ambiri a ku Thailand ndi Cambodia. Thabwa limodzi lomwelo likhoza kupereka mafungo awiri osiyana kungotengera kuti linakhala masiku angati mu mgolo.

Ukatha kuviika umathira zonse mu mphika, utuchi ndi madzi pamodzi, kumata chivundikiro kuti nthunzi isathawe, nkuyatsa moto. Motowo usakhale waukali. Izi sizitha tsiku limodzi ayi, zimatenga masiku angapo usana ndi usiku, pena kupitirira sabata, munthu ali pompo kusonkhezera moto ndi kuonetsetsa kuti madzi oziziritsa sanatenthe. Madzi otuluka ambiri amawabwezera mu mphika kuti asaphwe komanso kuti timafuta tosungunuka m'madzimo tisatayike. Mafuta amawakokolola pamwamba pang'onopang'ono, ndipo amisiri ena amasunga padera otuluka poyamba ndi otuluka pambuyo, ngati momwe mutu wa kachasu sausakaniza ndi wakumapeto, chifukwa oyamba amakhala opepuka fungo pamene omaliza ndi okhuthala, akuda, a utsiutsi.

Nkhani ya mphika nayo ili ndi makani ake. Wa mkuwa umagwira zina mwa zinthu za sulfure zonunkha, nchifukwa chake opanga whisky amaukonda, ndipo a oud ambiri amati umapereka fungo lofewa lozama. Wa stainless steel ndi wosavuta kutsuka, sudyeka msanga, fungo lake amati lowala lolunjika. Ena amasakaniza, mphika wa chitsulo paipi ya mkuwa. Ena mpaka amasankha madzi, a mvula kapena a pachitsime, poti mchere wa m'madzi nawo umakhudza kusasa kuja.

Ubwino wa njirayi ndi wakuti mpamba wake ndi wochepa poyerekeza ndi zinazo, zipangizo akhoza kuwotcherera mmisiri wa mtauni, siyilira magetsi, ndipo msika waukulu wa oud weniweni umafuna mafuta a mtundu umenewu. Mavuto ake ndi nthawi, nkhuni kapena gasi wambiri, ndi kupserera. Utuchi ukakhazikika pansi pa mphika moto nkukula pang'ono, basi wapserera, ndipo fungo lopserera likalowa mu mafuta silichoka, ntchito ya mwezi wathunthu yatsika mtengo usiku umodzi chifukwa wina anawodzera. Komanso kuwira masiku onsewo kumasintha zina mwa zinthu za mu mafuta, nde fungo silifanana ndendende ndi la thabwa losaphika.

Ndiye kuchepa kwa zotuluka. Oud amagulitsidwa pa muyeso wotchedwa tola, umene ndi magalamu 11.66, pafupifupi mamililita 12, ndipo timabotolo tating'ono tija ta mamililita 3 ndi kota ya tola. Mafuta otuluka powiritsa nthawi zambiri safika olo 1 peresenti ya kulemera kwa thabwa, amatsalira kutali. Tingoyerekeza masamu, thabwa likamapereka 0.1 peresenti ndiye kuti kilogalamu imodzi yakupatsa galamu imodzi, kuti udzaze tola imodzi ukufunika makilogalamu pafupifupi 12. Likamapereka 0.2 peresenti makilogalamu 6. Wonjezerani zaka zodikira mtengo, osema, nkhuni za sabata yonse, nde muone ngati kabotolo kanga ka mtengo wa nkhuku kaja kangakhale ndi oud.

Nthunzi

Steam distillation ndi mng'ono wake wa yoyambayo. Apa thabwa silikhala m'madzi, limakhala pa sefa yachitsulo mkati mwa thanki ndipo nthunzi yochokera mu boyila ina padera imadutsa mmenemo kunyamula mafuta. Palinso yapakatikati imene madzi amakhala pansi pa mphika womwewo thabwa pamwamba pa sefa, a ku Indonesia amati kukus, ili ngati mmene amayi ena amayalira timitengo pansi pa mphika pophika nsomba kuti isamatirire.

Chokoma chake nchakuti kupserera kuja kumachepa chifukwa thabwa silikhudza pansi potentha, imathamanga kuposa kuwiritsa, ndipo ukhoza kuika thabwa lambiri nthawi imodzi. Kwa kampani imene ili ndi minda ikuluikulu ndipo ikufuna mafuta ofanana fungo mwezi ndi mwezi, iyi imakhala bwino. Koma agarwood si tsamba la bulugamu kapena udzu wa lemongrass zimene mafuta ake amatuluka m'maola ochepa. Mafuta ake abisala mkati mwa thabwa lolimba atamatirira mu utomoni. Ukagaya kwambiri utuchi umagwirana ukanyowa, nthunzi nkudziboolera kanjira kamodzi kothawira, kwina konseko osafikako. Ukasiya tizibenthu tikulutikulu nthunzi imangonyambita kunja. Nde ena pofuna kuthana nazo amakweza pulesha, kutentha nkupitirira madigiri 100, mafuta nkutuluka msanga inde koma fungo limakhala louma, lakuthwa, pena ngati mphira wopsa. Komanso boyila si chinthu choseweretsa, yowotcherera mwachisawawa yopanda valavu yotulutsira pulesha ndi bomba.

Ine maganizo anga, nthunzi ndi yabwino pa thabwa la m'munda lapakatikati limene mafuta ake akupita kukasakanizidwa mu perefyumu, sopo kapena zofukiza. Thabwa labwino lochepa ndingaliwiritse.

Mankhwala osungunula

Apa palibe kutcheza thabwa. Umaviika utuchi mu mankhwala amene amasungunula utomoni, monga hexane kapena ethanol, kusefa, kenako kuwauluza mankhwalawo kuti patsale zonunkhirazo. Hexane amawira pa madigiri 69, ethanol pa 78, nde sipafunika kutentha kwambiri, ndipo akagwiritsa makina ochepetsa mpweya kutenthako kumatsikanso. Ku labotale amakonda kachipangizo kagalasi ka Soxhlet, kamene Franz von Soxhlet anakapanga mu 1879, kamatsuka utuchi womwewo mobwerezabwereza ndi mankhwala omwewo.

Ukangoona manambala ukhoza kuthamangira njirayi chifukwa zotuluka zimachuluka kwambiri kuposa za kuwiritsa. Koma chenjerani, kuchulukako nchifukwa choti yakokolola zonse, ma chromone aja, utomoni, phula la mu mtengo, mtundu, zonse. Chimatuluka chinthu chakuda chomata ngati phula la msewu, chovuta kuthira, chodetsa malaya. Ndipo pa malamulo a mayina, muyeso wa ISO 9235 umati essential oil ndi amene watuluka potcheza ndi madzi kapena nthunzi, potcheza mouma, kapena pofinya makoko a zipatso za mtundu wa malalanje. Chotuluka mu hexane kapena ethanol dzina lake ndi extract, resinoid kapena absolute kutengera mmene chakonzedwera, nde wogulitsa akachilemba kuti essential oil wakunamizani olo fungo likhale labwino.

Fungo lake lili pafupi ndi la thabwa, lolemera, lokhalitsa, opanga perefyumu amalikonda ngati maziko ogwira mafungo ena kuti asathawe msanga, ndipo opanga bakhoor ndi zofukiza zina ndiye kwawo. Vuto ndi mankhwalawo. Hexane amagwira moto ngati petulo, nthunzi yake imakwawa pansi kukapeza moto patali, ndipo kumupuma nthawi yaitali kumawononga mitsempha. Kumuchotsa yense mu chinthu chomata chotere nkovutanso, amatsalira pang'ono ngati ulibe makina abwino. Ethanol ndi wofatsirako koma amakoka zinyalala zambiri, ndipo makasitomala ena achisilamu safuna zodzola zimene zadutsa mu mowa olo ena savutika nazo. Iyi si ya kuseri kwa nyumba, ndanena.

Supercritical CO2

Iyi ndi imene imatamandidwa kwambiri pa intaneti ndipo ndi yosangalatsadi. Mpweya wa carbon dioxide ukaupanikiza kupitirira 73.8 bar uku kutentha kuli pamwamba pa madigiri 31.1, umasanduka chinthu chapakatikati chimene amati supercritical, umalowa paliponse ngati mpweya koma umasungunula zinthu ngati madzi. Kuti mumve kukula kwa puleshayo, tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa 2 bar ndi kanthu, ndipo makina ambiri amagwira ntchito pamwamba pa 100 bar, ena mpaka 300 kapena kuposa. Ndi njira yomweyo imene amachotsera caffeine mu khofi wina. Utuchi wouma umaikidwa mu silinda yachitsulo chokhuthala, CO2 kudutsamo, kenako mu chipinda china amatsitsa pulesha, CO2 nkubwerera kukhala mpweya, zonunkhira nkutsala pansi. Mpweyawo amautolera nkuugwiritsanso ntchito.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Ntchito ya masiku imatha m'maola. Kutentha kumakhala kochepa, cha m'ma 40 mpaka 60, nde palibe kupserera kapena kuphikika. Palibe mankhwala otsalira poti CO2 amauluka yekha. Ndipo ukhoza kusankha chimene ukufuna posintha pulesha, yotsikirapo imatenga zopepuka zofanana ndi mafuta otcheza, yokwera imatenga ndi zolemera zomwe, phula ndi ma chromone ena, makamaka akawonjezera ethanol pang'ono.

Ndiye bwanji aliyense sanasiye mphika? Choyamba ndalama. Makinawo ndi odula zedi, amafuna magetsi osazimazima, mapampu ndi ma seal opirira pulesha amene akawonongeka suwapeza ku hadiweya, ndi munthu wophunzira woyendetsa. Mlimi wa ku Assam kapena Trat ku Thailand amene ali ndi mitengo mazana ochepa sangabweze ndalama imeneyo. Chachiwiri, ndipo ichi ndi chimene otamanda aja amachilumpha, ndi fungo. Oud amene msika unazolowera ndi mwana wa madzi, moto ndi kusasa. Kuviika kuja, kuwira kwa masiku kuja, mkuwa uja, zimene wasayansi angaziwerenge ngati zowononga, ndi zimene zimapanga fungo limene kasitomala wa ku Riyadh kapena Dubai akulipira. CO2 imakupatsa fungo lokhulupirika la thabwa mmene lilili, loyera, lofatsa, pena lopyapyala, ndipo munthu wozolowera Hindi akhoza kununkhiza nkufunsa kuti oud wake ali kuti. Kwa opanga zodzola za pakhungu, ofufuza za mankhwala ndi makampani a perefyumu ofuna chinthu chosasinthasintha ndi yabwino kwambiri. Nayonso pa mayina ndi CO2 extract.

Za mayikulowevu ndi zina zatsopano sinditayapo nthawi yambiri. Pali kuwiritsa ndi mayikulowevu kumene kumatenthetsa madzi a mkati mwa thabwa mpaka timatumba ta mafuta kuphulika, nthawi nkutsika kufika maola ochepa. Pali kugwedeza utuchi ndi ultrasound usanawiritsidwe, palinso kuviika ndi ma enzyme monga cellulase kuti adye thabwa mmalo modikira masabata. Zimagwira ntchito bwino mu botolo la galasi la ku yunivesite muli utuchi wodzadza dzanja, nthawi zambiri lolumikiza ku kachipangizo ka Clevenger kotolera mafuta. Kuzikulitsa kufika pa mgolo wa makilogalamu ambiri ndi kumene kumavuta, mayikulowevu salowa patali mu mulu waukulu, kunja kumapsa mkati musanatenthe. Mwa zonsezi imene ndikuyiona yothandiza mlimi msanga ndi ya ma enzyme poti siyifuna kusintha mphika.

Ndiye kusankha kwake

Ndikanakhala mlimi wa ku Sylhet ndi mitengo yanga yokhomera misomali, ndikanawiritsa, osaganiza kawiri. Ndalama yanga ndikanayiika pa zinthu zitatu, mphika wabwino wokhala ndi sefa kapena chotakasira kuti utuchi usakhazikike pansi, moto wa gasi woti ndizitha kuwuchepetsa, ndi madzi oziziritsa oyenda nthawi zonse, chifukwa mafuta ambiri amatayika paipi ikatentha nthunzi nkumatuluka osazizira, ukamamva fungo lokoma pabwalo ponse dziwa kuti ndi ndalama zako zikuuluka. Ndipo ndisanaviike ndikanayamba ndafunsa wogula kuti akufuna la khola kapena loyera, poti ukaviika mwezi sungabwezenso.

Kampani ya minda ikuluikulu, nthunzi, kapena miphika yowiritsa yambiri yondanda monga amachitira ku Thailand. Wopanga bakhoor ndi zofukiza, extract ya ethanol imukwanira ndipo atenga ma chromone amene wowiritsa amawataya. Wofuna kugulitsa kwa opanga zodzola ku Ulaya amene amafunsa mapepala a labotale pa chilichonse, CO2, koma ndi bwino kukalipira kwa amene ali kale ndi makinawo kusiyana nkugula ako. Ndipo njirazi sizodana, ochenjera amaziphatikiza, amayamba kuwiritsa nkutenga mafuta a mtengo wapatali, kenako utuchi wotsalawo amauyanika nkuukokanso ndi mankhwala osungunula kapena kuugulitsa kwa opanga timitengo tofukiza, chifukwa ma chromone akadali momwemo. Madzi otsala potcheza nawonso amanunkhira ndipo amagulitsidwa paokha. CITES yomwe inapatula utuchi wotcheza kalewu, sufuna peremiti, chimodzimodzi perefyumu womaliza woikidwa kale m'mabotolo ogulitsa.

Mafuta akatuluka ntchito siyinathe. Amakhala ndi timadzi, nde amawasefa nkuwasiya botolo lili lotsegula kapena kuwaika padzuwa pang'ono kuti madziwo auluke pamodzi ndi kafungo ka mphika, kenako kuwasunga mu galasi pamalo amdima kwa miyezi kapena zaka kuti fungo likhazikike. Kuwasiya padzuwa nthawi yaitali kumawakhuthalitsa koma kumathawitsa fungo lopepuka lapamwamba, ndipo alipo amene amachita dala poti ogula ena amaganiza kuti kukhuthala ndiye umboni wa orijino. Si umboni. Mafuta abwino atsopano akhoza kukhala opyapyala achikasu, ndipo feki akhoza kukhuthalitsidwa ndi chilichonse.

Kwa ife ogula chabe, amene abale athu amatibweretsera akapita ku Hajj kapena kukaoda katundu ku Dubai, funso lothandiza kwa wogulitsa ndi loti anatcheza bwanji, kuchokera dziko liti, mtundu uti wa Aquilaria, wa m'munda kapena wa m'tchire. Wodziwa katundu wake amayankha osadodoma. Pa ulendo, malamulo a CITES amalola munthu kunyamula za iye mwini mpaka mamililita 24 a mafuta, amene ndi matola awiri, ndi kilogalamu imodzi ya tizidutswa popanda peremiti, olo mayiko ena ali ndi malamulo awo okhwimirapo. Ma perefyumu ambiri olembedwa oud, ngakhale a mayina akuluakulu amene anatchuka kuyambira pamene Yves Saint Laurent anatulutsa M7 mu 2002 ndi Tom Ford Oud Wood mu 2007, amadalira kwambiri fungo lopangidwa ku labotale, ndipo otchipa amasungunulidwa mu zinthu monga dipropylene glycol. Kabotolo kanga kaja ndinakadontheza pa pepala loyera, fungo lake linali limodzimodzi kuyambira mmawa mpaka madzulo osasintha olo pang'ono, pamene weniweni amayenda, amayamba mwina nkutha mwina. Ndimadzolabe popita ku ukwati, katsala theka.